Uphunzitsi wa Scuba

Scuba ndiko kusambira pansi pa madzi munthu atabereka thanki ya mpweya, ndipo uphunzitsi wake ndi udindo wolemera, pakuti mphunzitsi asenza moyo wa wophunzira m'manja mwake. Bungwe la PADI, limene John Cronin ndi Ralph Erickson analikhazikitsa ku America mu 1966, linagawa maphunziro oyamba patatu: chidziwitso cha m'buku, kuyeserera m'madzi osaya ndi odekha, ndi kutsika kanayi m'nyanja, osapitirira mamita 18.

Pokonza phunziro, mphunzitsi wanzeru ayamba watchula cholinga chake ndi phindu lake, naonetsa luso lililonse pang'onopang'ono, monga kuchotsa madzi m'galasi la kumaso, kufikira wophunzira alichita yekha wopanda mantha. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Lamulo loposa onse ndilo lakuti munthu asagwire mpweya pokwera, popeza mpweya umafufuma m'chifuwa ndi kuvulaza mapapo.

Ophunzitsa ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear ayeneranso kukumbukira kuti Nyanja ya Malawi ili pamtunda woposa mamita 300, kotero nthawi yokhala pansi iwerengedwa mosiyana ndi ya m'nyanja yamchere.