Zomwe mabuku a zanyengo akutikumbutsa

Alimi anzanga, pamene kopaletivu yathu yakwanitsa zaka khumi, tiyeni titembenuke tione komwe nyengo yachokera.

Kuno ku Zomba, kuyeza mvula ndi kutentha kunayamba kalekale, m'zaka za m'ma 1890, nthawi ya atsamunda. Mabuku amenewo akugwirizana ndi zomwe agogo athu amatisimbira: njala ya 1949, komanso kuphwa kwa nyanja ya Chilwa mu 1968 ndi 1995. Ndiye kuti chilala si chachilendo ayi. Chachilendo ndi kutentha. Akatswiri ataunika zolembedwa za dziko lonse lino, anapeza kuti kuyambira 1960 kufika 2006 kutentha kunakwera ndi madigiri 0.9, ndipo masiku otentha kwambiri anachuluka.

Mwina mukuti, "Aa, digiri imodzi yosakwana n'komwe!" Komatu m'munda imamveka. Dzuwa likamaomba chonchi, chinyezi chimathawa msanga m'mizere. Ng'amba ya milungu iwiri ikapeza chimanga chikumasula, ngaiyaye zimauma, zitsononkho n'kutuluka zamagweru, feteleza wa ngongole uja n'kupita pachabe.

N'chifukwa chake kalendala ya makolo payokha sikukwaniranso. Musathamangire kubzala ndi chizimalupsa. Dikirani nthaka inyowe mokwanira. Phimbirani m'munda ndi mapesi, ndipo sankhani mbewu zocha msanga.

Pempho langa ndi ili: kalabu iliyonse ikhale ndi kope lolembamo tsiku lomwe mvula yagwa ndi tsiku lomwe mwabzala. Zaka khumi zikubwerazi, ana anu adzawerenge mbiri ya mudzi wawo, yolembedwa ndi inu eni ake.