Njoka ya ku Luanshya ndi Amene Anailemba

Aliyense amene anakhalako ku Zomba anamvapo za Napolo, chinjoka chimene akulu amati chinatsika m'phiri mu Disembala 1946 ndi kukokolola milatho, nyumba ndi anthu. Ife ophunzira timakonda kumwetulira tikamva nkhani zotere, poganiza kuti sukulu inatichotsa m'mantha a makolo athu. M'nkhani ino ndikufuna tione njoka ina, ya kwa anansi athu ku Zambia, ndiponso mmene akatswiri a kafukufuku anachitira nayo. Tikatero mwina tizengereza kumwetulira.

Tauni ya Luanshya inabadwa chifukwa cha mkuwa. Mu 1902 Mzungu wina, William Collier, anaombera nyama yonga mphalapala pafupi ndi mtsinje wa Luanshya, m'dziko la Alamba, ndipo pamalopo anaona miyala ya mkuwa. Mgodi umene unadzakumbidwa pamenepo unatchedwa Roan Antelope potsata dzina la nyamayo. Ntchito yeniyeni inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo amuna anakhamukirako kuchokera kutali: Abemba, Abisa, Alozi, Ansenga, ndiponso anthu a kwathu ku Nyasaland, amene ena mwa iwo anali makalaliki chifukwa cha sukulu za mishoni.

Koma malowo anali a imfa. Mtsinje unali wokhotakhota, wozingidwa ndi madambo, ndipo anthu ankafa ndi malungo, kamwazi, taifodi ndi malungo aja okodzetsa mkodzo wakuda. Pakati pa antchito panamveka mbiri yakuti mumtsinjemo muli chinjoka chimene chikudya anthu. Ambiri anathawa, ndipo ena anakana n'kupitako komwe. Eni mgodi anaona kuti chuma chawo chikulowa m'madzi. Tsono anachita zinthu ziwiri. Choyamba, anaitana J. E. Stephenson, Mzungu wokhalitsa m'dzikomo amene anthu ankamutcha Chirupula, kuti pamodzi ndi akulu a Alamba achite mwambo wopepesa mizimu. Chachiwiri, mu 1929 anapempha thandizo ku Ross Institute ya ku London, ndipo kunabwera Sir Malcolm Watson, dokotala amene anali atalimbana kale ndi malungo ku Malaya.

Nzeru ya Watson inali yakuti udzudzu uyenera kugonjetsedwa kumene umaswana. Antchito anakumba ngalande zoumitsa madambo, anawongola mtsinje kuti madzi asamaime, anadula tchire la m'mphepete mwake, nathira mafuta pa zithaphwi. Nyumba zina anazitchinga ndi sefa wa waya, ndipo anthu ena, osati onse, ankalandira kwinini ndi masikito. Watson analemba za ntchitoyi m'buku lake la 1953, African Highway. Mu 2001 Jürg Utzinger ndi anzake anaunikanso zolembedwa za m'migodiyo, napeza kuti m'zaka zitatu mpaka zisanu matenda ndi imfa za malungo zinatsika ndi 70 mpaka 95 pa 100 aliyense. Mbiri ya njoka nayo inazilala.

Olemba a nthawi ya atsamunda anaifotokoza nkhaniyi ngati umboni wakuti sayansi inagonjetsa umbuli. Ine ndikuona mosiyana. Antchito aja sanadziwe dzina la kachilombo ka malungo, koma sanalakwitse malo: anati imfa ili kumtsinje, ndipo kumtsinjeko n'kumene Watson anaipeza. Komanso tifunse kuti chinasuntha eni mgodi n'chiyani. Maliro anali ataikidwa ambiri ngalande zisanakumbidwe. Chimene chinawaopsa ndi kusowa kwa antchito, ndipo chimene chinathawitsa antchito ndi mbiri ya njoka. Kotero tinganene kuti njokayo ndiyo inaitana dokotala. Lyn Schumaker, amene analemba za madambo a Luanshya mu 2008, anatikumbutsanso kuti malo amene Azungu ankawaona ngati chisa cha matenda anali dziko la Alamba, lokhala ndi eni ake ndi mizimu yake, ndipo kuwaumitsa kunasintha moyo wa eni dzikowo.

Malungo atachepa, tauni inakula, ndipo panabuka vuto lina limene mafuta a pa zithaphwi sakanalithetsa. Mu Meyi 1935 antchito a ku Mufulira, Nkana ndi Roan Antelope ananyanyala ntchito boma litakweza msonkho, ndipo ku Luanshya apolisi anaombera anthu, nafa asanu ndi mmodzi. Mu 1940 kunachitikanso sitalaka, ndipo ku Nkana kunafa anthu 17. Boma linazindikira kuti silikuwadziwa anthu amene likuwalamulira. M'nyengo imeneyi, mu 1937, ndi mmene munakhazikitsidwa Rhodes-Livingstone Institute, malo ofufuzira za chikhalidwe cha anthu. Mtsogoleri wake woyamba, Godfrey Wilson, anachita kafukufuku ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, nasonyeza kuti antchito ambiri sanali alendo ongodutsa m'tauni monga boma linkanenera. Anali atakhazikika, koma malipiro ndi nyumba zawo zinali za munthu wopanda banja. Eni mgodi sanakondwere ndi kuyandikana kwake ndi antchito, ndipo anamutsekera njira yolowera m'makomboni. Wilson anatula pansi udindo, ndipo m'malo mwake munalowa Max Gluckman.

Ntchito yodziwika kwambiri ya ku Luanshya ndi kabuku ka J. Clyde Mitchell, The Kalela Dance, ka mu 1956. Mitchell sanali mlendo kwathu kuno, pakuti anayamba wafufuza za midzi ya Ayao ku Nyasaland. Ku Luanshya anaonerera gulu la anyamata a Chibisa amene ankavina kalela Lamulungu masana. Guleyu ndi m'bale wake wa beni ndi malipenga amene timawadziwa ife. Ovinawo anali antchito wamba, koma ankavala mathalauza osita bwino ndi nsapato zopukuta, akuimba m'Chibemba cha m'tauni nyimbo zotama kwawo ndi zonyogodola mitundu ina. Mitchell anaona kuti mtundu m'tauni sunali chimodzimodzi ndi mtundu kumudzi: inali njira yodziwira mmene ungakhalire ndi munthu wachilendo amene wakumana naye pampopi kapena pamowa.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi ichi. M'gululo munali munthu wovala mkanjo woyera wokhala ndi mtanda wofiira, amene ankatchedwa dokotala, ndiponso mkazi mmodzi wovala zoyera ngati namwino, woyenda ndi kalilole ndi kampango kuti ovina adzione ndi kupukuta thukuta. Dokotalayo sankachiza munthu. Zaka makumi awiri zokha chichokere nthawi ya njoka, chipatala chinali chitalowa m'gule. Anthu amene ankaonedwa ngati odwala ndi antchito basi anali kuvala zovala za maudindo amene tsankho linawamana. Wofuna kudziwa zimene anthu a ku Luanshya ankaganiza za chipatala cha mgodi akanaphunzira pabwalo la gule zimene malipoti a dokotala sananene.

Ena anatsatira. A. L. Epstein, m'buku lake la 1958, Politics in an Urban African Community, anafotokoza mmene akulu a mitundu, amene mgodi unawaika mu 1931 kuti aziyankhulira antchito, anathera mphamvu bungwe la antchito a m'migodi litakhazikitsidwa mu 1949 motsogozedwa ndi Lawrence Katilungu. Mu 1953 antchito anavota kuti akuluwo achotsedwe. Hortense Powdermaker wa ku America anafufuza zimene anthu ankamva pa wailesi ndi kuona m'kanema, natulutsa Copper Town mu 1962.

Mutu umodzi susenza denga. Mabuku onsewa ali ndi maina a Azungu pachikuto, koma amene ankalowa m'nyumba za m'komboni, kufunsa mafunso, kulemba nyimbo ndi kuzimasulira anali Aafirika othandiza pa kafukufuku. Schumaker, m'buku lake la 2001, Africanizing Anthropology, anasonyeza kuti anthu amenewa sanali omasulira chabe. Anathandiza kuumba mafunso ndi mayankho omwe. Ambiri a iwo timawapeza m'mawu othokoza okha.

Mathero a nkhaniyi si okoma. Mtengo wa mkuwa unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo James Ferguson, amene anafufuza ku Kitwe m'zaka za m'ma 1980, analemba m'buku lake la 1999, Expectations of Modernity, za antchito amene anaona chitukuko chikubwerera m'mbuyo iwo akuona. Mgodi wa ku Luanshya unagulitsidwa mu 1997, ndipo pofika 2000 kampani imene inaugula inali itagwa. Popeza madzi, zipatala ndi ukhondo wa tauni zinkadalira mgodi, kugwa kwa mgodi kunali kudwala kwa tauni. Thanzi limene linabwera chifukwa cha phindu linagwedezeka phindulo litachoka.

Anzanga, ambiri a ife tidzatumidwa ndi mapepala a mafunso ku Ndirande, ku Chinsapo kapena ku Chikanda, kukafunsa za kolera, madzi ndi zimbudzi. Tidzamva nkhani zimene sizidzakwana m'timabokosi ta pepalalo, ndipo tidzayesedwa kuzitaya ngati zikhulupiriro. Tisanatero tikumbukire Luanshya. Mayi akanena kuti pachitsime pakutipakuti pali chinthu, tiyambe tapita kukaona chitsimecho. Ndipo lipoti likadzatuluka, tidzafunse kuti dzina la amene anayenda m'matope lalembedwa pati.