Mbiri imene ili kumbuyo kwa ampu

Lero tiphunzire mbiri popanda choko. Ngati kunyumba kuli ampu yakale, itembenuzeni muone kumbuyo. Mupeza timabowo tiwiritiwiri, kofiira ka mawu a kumanja, koyera ka mawu a kumanzere. Timatchedwa RCA, dzina la kampani ya ku America imene inatiyambitsa. Pamwamba pake palembedwa PHONO, TUNER, TAPE, CD ndi AUX. Ine ndimati mawu asanuwa ndi mibadwo ya nyimbo m'nyumba zathu.

Tiyambe ndi PHONO, malo a mbale. Magalamafoni ambiri ankafika m'midzi ndi azibambo obwera ku migodi ya ku Joni ndi ku Halale. Oyambawo anali opukusa pamanja, opanda nthambo iliyonse. Amagetsi atabwera, panafunika bowo lawolawo, chifukwa singano imatulutsa mphamvu yochepa zedi, mamilivoti ngati 5 okha. Chinanso, kuyambira 1954 makampani anagwirizana njira imodzi yochepetsera besi podinda mbale, ndipo ndi bowo la PHONO limene limaibwezera. Mukalumikiza mbale pa AUX mumva timawu tonong'ona topanda besi. Kawaya kachitatu kaja kamangeni pa GND, apo ayi sipika izingolira ngati njuchi.

TUNER ndi wailesi. Mu 1949 ku Lusaka kunafika kawailesi kotchipa ka batire kotchedwa Saucepan Special, kooneka ngati sefuliya, kopangidwa ndi kampani ya Ever Ready. Nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka inkalankhulanso Chinyanja, choncho a ku Nyasaland ankamvera nawo. MBC inayamba mu 1964, ndipo akuluakulu akukumbukira mawailesi a Nzeru opangidwa ku Blantyre. Koma pa wailesi munthu sunkasankha. Unkangomva zimene akupatsa.

Ufulu wosankha unabwera ndi kaseti, imene kampani ya Philips inatulutsa mu 1963. Taonani kuti pa TAPE pali mabowo anayi: awiri a PLAY omvera, awiri a REC ojambulira. Apa munthu wamba anayamba kusunga yekha mawu amene wafuna. M'zaka za m'ma 1990 makaseti a Alleluya Band ndi Lucius Banda ankachokera kwa O.G. Issa ku Limbe n'kufika mpaka pa Migowi ndi pa Chiringa. Kumene magetsi a ESCOM sanafike, gumbagumba inkalira ndi batire ya galimoto. Ndipo anthu ankajambulanso zawozawo: kwaya ya mpingo, ukwati, ng'oma za tchopa.

CD inatuluka mu 1982, yopangidwa ndi Philips ndi Sony, ngakhale kuno inachedwa kufala. Imatulutsa mphamvu yofika mavoti 2, kuposa ya singano kambirimbiri. Mukailowetsa pa PHONO, mawu amasweka ndipo sipika mukhoza kuiwononga. Bowo lomaliza, AUX, opanga analisiyira alendo amene anali asanabadwe. Lero ndi pamene timalumikizapo foni, ndi nthambo ya kamutu ka mamilimita 3.5 mbali ina, mitu iwiri ya RCA mbali inayo. Musanasolole kapena kulowetsa nthambo, tsitsani kaye voliyumu.

Tsopano chimene chandilembetsa zonsezi ndi ichi. Ife a ku Phalombe madzi timawadziwa. Napolo wa mu March 1991 anatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi, ndipo namondwe wa Freddy anachitanso zomwezo mu March 2023. Tinalira anthu ndi nyumba, koma munapitanso zithunzi ndi makaseti. Ngakhale popanda madzi, chinyezi ndi kutentha zimadya tepi pang'onopang'ono. Nyimbo za oimba otchuka mudzazipeza pa intaneti. Koma mawu a agogo anu akuimba m'Chilhomwe mwina ali pa kaseti imodzi yokha padziko lonse.

Kuwapulumutsa si kovuta. Lumikizani chosewerera makaseti pa PLAY. Ngati ampu ili ndi REC ina yotulutsa mawuwo, tengani nthambo kuchokera pamenepo kupita pa bowo la LINE IN la kompyuta. Ngati ilibe, chokani pa chosewereracho molunjika. Jambulani ndi pulogalamu yaulere ya Audacity. Lembani dzina la oimba, mudzi ndi chaka, kenako sungani malo awiri, ena kwa m'bale wa kutali.

Aphunzitsi anzanga a mbiri ndi a sayansi, iyi ndi ntchito yoti tingagwirire limodzi ndi ana pa holide. Inu ana anga akale, mukabwera kumudzi funsani amayi za katoni ya makaseti ija chiswe chisanaipeze.