Nsanja ya Babele ku Cape Town

Aliyense amene anakulira mu Sinodi ya Nkhoma anaphunzitsidwa kuti Malemba ngokwanira: zonse zofunika pa chipulumutso ndi pa moyo wa Mkhristu zili m'Buku Lopatulika, ndipo palibe mwambo, mfumu kapena bwalo la mpingo limene lingaime pamwamba pake. Chiphunzitsochi chinafika kwathu kuchokera kuno ku Cape. A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, amene anamanga msasa ku Mvera mu 1889, anali ana a mpingo wa Dutch Reformed. W.H. Murray, yemwe anatsogolera ntchito yomasulira Baibulo lathu kufikira linatuluka lathunthu mu 1922, anali wa mpingo womwewo. Chimene sitiuzidwa kawirikawiri n'chakuti pamene agogo athu ankalandira bukulo, mpingo umene unalitumiza unali utayamba kukangana za kawerengedwe kake.

Mkanganowo unagwera munthu mmodzi, Johannes du Plessis, mphunzitsi pa sukulu ya abusa ku Stellenbosch. Sanali mlendo kwathu, pakuti anayendera Nyasaland ali mlembi wa zamishoni, ndipo buku la ulendowo linatuluka mu 1905. M'magazini yake ya Het Zoeklicht ankaphunzitsa kuti Baibulo ndi Mawu a Mulungu ndithu, koma linadzera m'manja, m'zinenero ndi m'nyengo za anthu. Chotero kwa iye sikunali kuchimwa kufunsa ngati Mose analembadi mabuku onse asanu oyamba, kapena ngati nkhani ya Yona ndi mbiri kaya fanizo. Anzake anaona ngati akugwedeza mzati wa nyumba. Mu 1930 sinodi inamuchotsa ntchito. Iye anakasuma ku khoti lalikulu la ku Cape Town napambana, komabe mu 1932 sinodi inamutsekera khomo la kalasi, n'kumangomupatsa malipiro. Anamwalira mu 1935.

Sindiwanyoza amene anamutsutsa, popeza ambiri ankakhulupiriradi kuti akuteteza Malemba. Koma mpingo umene unatseka pakamwa wofunsa mafunso unadzasowa wouletsa pamene unayamba kuwerenga m'Baibulo zofuna za mtima wake.

Tibwerere kaye m'mbuyo. Mu 1857 sinodi ya ku Cape inavomera poyera kuti, malinga ndi Malemba, okhulupirira onse ayenera kukhala mumpingo umodzi. Koma chifukwa cha kufooka kwa ena, kutanthauza azungu okana kudya Mgonero pamodzi ndi anthu a khungu lina, inalola kuti anthuwo azipembedza m'nyumba yapadera. Iwo anadziwa kuti akupatuka pa Malemba, ndipo ananena. Pofika mu 1974 manyazi amenewo anali atatha. Sinodi yaikulu inalandira lipoti lotchedwa Ras, Volk en Nasie, lonena kuti kutukula mitundu payokhapayokha kungathe kuvomerezeka ndi Malemba. Imodzi mwa nsanamira zake inali Genesis 11: Mulungu anasokoneza chinenero pa Babele, choncho ndiye anafuna kuti mitundu ikhale yosiyana. Bukulo silinasinthe ngakhale chilembo chimodzi pa zaka 117 zimenezo.

Pamenepa wophunzira za zinenero sangakhale chete. Nkhani ya Babele ikunena za chinenero, osati khungu. Chinenero munthu amachiyamwa kwa womulera, ndipo angathe kuphunzira china mawa. Umboni ndi ana a Amalawi obadwira muno, amene Chixhosa chimatuluka m'kamwa mwawo ngati madzi pamene Chichewa chikuwavuta. Choposa apo, anthu amene anaikidwa mumpingo wapadera wa Sendingkerk kuyambira mu 1881 ankalankhula Chiafrikaans chomwecho cha azungu. Chinenerocho chinakulira m'kamwa mwa akapolo ndi Akhoi monganso mwa atsamunda, ndipo zina mwa zolembedwa zake zoyambirira zinalembedwa m'zilembo za Chiarabu ndi Asilamu a ku Cape Town. Kuyambira mu 1933 mipingo iwiriyi inkawerenga Baibulo limodzi la Chiafrikaans. Ngati Babele akanakhaladi muyeso, anthu amenewa akanakhala pa benchi limodzi.

Yankho linachokera kwa iwo omwe. Mu 1982, ku Belhar, dera la ku Cape Town limene boma linaikako anthu otchedwa makaladi, sinodi ya Sendingkerk inalandira zolemba zoyamba za chivomerezo chatsopano. Chaka chomwecho mgwirizano wa mipingo ya Reformed wa dziko lonse, utakumana ku Ottawa, unali utagamula kuti kuteteza apartheid ndi Baibulo n'chiphunzitso chonyenga, n'kusankha Allan Boesak wa mpingo womwewu kukhala mtsogoleri wake. Olemba Chivomerezo cha Belhar sanakatenge zida kwina. Anatsegula Yohane 17, Aefeso 2, Amosi ndi Luka, nanena kuti umodzi wa mpingo uyenera kuoneka ndi maso, ndi kuti Mulungu amaima ndi oponderezedwa. Chivomerezocho chinakhazikitsidwa mu Seputembala 1986.

Mwezi wotsatira sinodi yaikulu ya azungu inavomera kuti kunali kulakwa kufuna apartheid m'Baibulo. Ena mwa anthu ake anakwiya natuluka, ndipo mu 1987 anayambitsa mpingo wa azungu okhaokha, Afrikaanse Protestantse Kerk, nawonso akunenetsa kuti akutsata Malemba okha.