Ngwazi ndi Mpando wa Mwini: Macbeth ndi Angoni a ku Domwe

 Lero tikamba za nthenda imene siigwira munthu waulesi kapena wamantha, koma igwira ngwazi, munthu amene mfumu imkhulupira koposa onse. Nthendayo ndiyo nkhuli ya ufumu.

Ca m'ma 1606 mlembi wa ku England, William Shakespeare, analemba sewero lochedwa Macbeth, limene ana a sukulu a m'maiko ambiri aliwerenga kufikira lero. Poyamba pa sewerolo Macbeth ali kazembe wa nkhondo wa Duncan, mfumu ya Scotland. Wagonjetsa opanduka pamodzi ndi ankhondo a ku Norway, ndipo palibe wokhulupirika womposa. Pobwera ku nkhondoko ndi mnzace Banquo akomana ndi afiti atatu acikazi, amene amuuza kuti adzalandira dziko la Cawdor, ndi kuti pambuyo pace adzakhala mfumu. Kwa Banquo anena kuti iye sadzalowa ufumu, koma ana ace. Asanapite patali, amithenga afika ndi mau akuti Duncan wampatsadi Cawdor, pakuti mwini dzikolo anapandukira mfumu.

Apa ndipo pali nzeru ya mlembiyo. Afiti aja sanamuuze Macbeth kuti aphe munthu, iai. Cimene cinatsegula khomo ndi mphotho. Munthu amene dzulo anakondwa kutumikira, lero waona kuti ukulu utheka, ndipo ayamba kuwerenga anthu amene aima pakati pa iye ndi mpando. Inu a ku migodi mudziwa za anthu ena amene anali abwino mpaka tsiku limene anapatsidwa ukapitao. Tsono pamene Duncan alengeza kuti wolowa m'malo mwace ndiye mwana wace Malcolm, mtima wa Macbeth uwawa monga wa munthu wolandidwa cace, cinkana sanalandidwe kanthu.

Duncan adza kudzagona kwa Macbeth monga mlendo. Macbeth adziwa bwino lomwe kuti munthuyu ndiye mbale wace, mfumu yace ndi mlendo wace, ndipo afuna kuleka. Koma mkazi wace amtonza kuti sali mwamuna, ndipo usiku womwewo ambaya Duncan ali m'tulo. Mwazi woyambawo unambvuta kukhetsa; wotsatira sunambvute konse. Apha alonda awiri kuti asaulule. Atuma anthu kupha Banquo cifukwa ca mau a afiti aja, koma mwana wace Fleance apulumuka. Potsiriza aphetsa mkazi ndi ana a Macduff, anthu osamcimwira kanthu. Tulo timthawa, aona mzukwa wa Banquo paphwando, mkazi wace ayenda m'tulo nasamba m'manja mwazi wosaoneka kufikira afa, ndipo iye mwini aphedwa ndi Macduff. Ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Koma Macbeth anali munthu weniweni, ndipo mbiri yace isiyana ndi sewero. Duncan weniweni sanali nkhalamba yofatsa, anali mfumu ya zaka zocepa, imene inalephera nkhondo ku Durham. Anafa m'caka ca 1040, osati pakama, koma pa nkhondo pafupi ndi Elgin, m'dziko la Moray limene Macbeth anali kulamulira. Macbeth anakhala mfumu zaka 17, ndipo dziko linali pa mtendere wokwanira kuti mu 1050 apite ulendo wa ku Rome, kumene anagawira osauka ndalama. Malcolm anamupha ku Lumphanan mu 1057. Masiku amenewo mwambo wa Scotland sunanene kuti mwana alowe m'malo mwa atate wace. Ufumu unali kusinthana pakati pa nyumba za banja lacifumu, ndipo mkazi wa Macbeth, Gruoch, anali wa mwazi wacifumu. Shakespeare anatenga nkhaniyo m'buku la Holinshed, m'mene Banquo athandiza Macbeth kupha mfumu. Iye anamyeretsa Banquo, pakuti mfumu James imene inali kulamulira England inali kudziyesa mdzukulu wa Banquoyo. Mlembi naye ali ndi mimba.

Ife Acewa sitidabwa kumva kuti mwana salowa ufumu wa atate wace. Ndiponso nkhani ya munthu wamkulu wodumphidwa pa mpando tiidziwa, pakuti ndiyo ciyambi ca ufumu wa Undi. Akulu asimba kuti Kalonga atamwalira ku Mankhamba, nduna zinasankha mphwace, ndi kumsiya Undi, mbale wa malemuyo. Undi sanatenge mpeni usiku. Anasamuka, napita ku Mano, m'dziko limene lero lili m'cigawo ca Tete. Komatu sanapite cimanjamanja: anatenga Nyangu, mai wobala mafumu a Aphiri, kotero kuti otsala anayenera kuyang'ana kwa iye pofuna wolowa m'malo. Kumeneko kunali kukhumba ukulu ndithu, koma dziko linali lalikulu, ndipo munthu wokwiya anali nako kopita. Mpando womwewo ndiwo unadza kuno m'zaka za m'ma 1930, ndipo lero uli ku Mkaika, kumene tisonkhana mwezi wa August pa Kulamba.

Nkhani yofanana kwambiri ndi ya Macbeth tiipeza kwa Angoni a Maseko, anansi athu a ku Angonia, ku Nceu ndi ku Dedza. Awa sanali a gulu la Zwangendaba, limene linaoloka Zambezi mu 1835 ndi kubala Angoni a Mpezeni. Anayenda njira yao, nazungulira kum'mawa kwa nyanja kufikira ku Songea, m'dziko limene lero lichedwa Tanzania. Kumeneko anakangana ndi Angoni anzao a kwa Gama. Mfumu yao Mputa inaphedwa, ndipo mtundu unapirikitsidwa. Mwana wolowa ufumu, Cikuse, anali wamng'ono.

Amene anatola mtunduwo ndiye Cidyaonga, mbale wa Mputa. Taganizani mmene zinthu zinaliri. Ankhondo onse anali m'manja mwace, ulendo unali wautali ndi woopsa, ndipo pa ulendo wotere mwana angafe ndi malungo popanda wofunsa. Cidyaonga anawatsogolera kubwerera kumwera, naoloka nao Shire, nawakhazika pa phiri la Domwe ca m'ma 1870. Zaka zonsezo analamulira monga wosungira mwana mpando, ndipo pomwalira iye kumapeto a zaka za m'ma 1870 ufumu unapita kwa Cikuse. Kwa ine munthu ameneyu aposa ngwazi zambiri zimene tiziimbira nyimbo, ndipo ncacisoni kuti dzina lace silimveka kawirikawiri.

Koma Cidyaonga anasiya mwana wace, Cifisi. Mwanayu anakula akuona atate wace akuweruza milandu, akutuma nkhondo, akulandira ulemu wonse wa mfumu. Atate atafa, anauzidwa kuti zonsezo zinali zobwereka. Kwa zaka zingapo anakhala pansi pa Cikuse monga mkulu wa midzi yace ndi ankhondo ace, ndipo apa tiyenera kumvetsa mmene ufumu wa Cingoni unali kukulira. Cuma ca Mngoni cinali anthu. Mkulu wopambana pa nkhondo anali kugawiridwa ogwidwa, amene analowa m'midzi yace. Anyamata ao anakula nakhala ankhondo ace, nakagwira enanso. Cotero pamene nduna inatumikira mfumu bwino koposa, pomwepo inakula kufikira kulingana ndi mfumuyo. Mphotho ya kukhulupirika ndiyo inali kupereka mphamvu ya kupanduka, monga Cawdor kwa Macbeth. Ciwere Ndlovu, kazembe wa Angoni a kumpoto amene anakadzikhazika yekha ku Dowa, anakula mwa njira yomweyi.

Pofika kumapeto a zaka za m'ma 1880 Cifisi anakana kumvera Cikuse, ndipo mtundu unang'ambika pakati. Anthu amene anayenda pamodzi kucokera ku Songea anayamba kutenthelana midzi. Mafumu a Ayao a kumwera kwa nyanja, amene anali ndi mfuti ndi msika wa akapolo, analowerera nkhondoyo, ndipo amene analipira mtengo wace ndiwo anthu wamba, ambiri a iwo Acewa ndi Antumba okhala pansi pa Angoni, amene sanafunsidwe kuti afuna mfumu iti. M'sewero muja Shakespeare aonetsa mkazi wa Macduff ndi mwana wace kanthawi kocepa asanaphedwe. M'mbiri yeniyeni anthu otere alibe ndi maina omwe.

Cikuse ndi Cifisi anamwalira onse awiri m'caka cimodzi, 1891, koma mlandu sunalowe nao m'manda. Gomani, mwana wa Cikuse, ndi Kacindamoto wa nyumba ya Cifisi anapitiriza nkhondo kufikira 1894, pamene Azungu a boma anaimika. Caka comweco ca 1891 Angelezi ndi Apwitikizi anagawana dziko pa pepala, ndipo malire anadula pakati pa Amaseko, Domwe nakhala ku mbali ya Apwitikizi. Angoni, otanganidwa ndi kuphana, sanathe kuima pamodzi. Mwezi wa October 1896 asilikali a boma anamgwira Gomani namuombera mfuti. Patapita miyezi yosakwana 16 zomwezo zinamgwera Nsingu, mwana wa Mpezeni, kuno kwathu.

Kodi tsono Cifisi anali wolanda? A nyumba ya Gomani atero, ndipo mwambo wa Cingoni uli ku mbali yao, pakuti ufumu utsata mwana wa nyumba yaikulu ya mfumu, osati wa wosungira. Ine ndibvomereza kuti analakwira mwambo, ndi kuti anapasula cimene atate wace anamanga. Koma nkhani ya Macbeth weniweni iticenjeza kuti tisafulumire kupaka munthu mwaye thupi lonse pomvera opambana okha. Mwana amene atate wace anapulumutsa mtundu wonse sanali wamisala poganiza kuti nyumba yao iyenera kanthu, ndipo anthu ambiri anamtsata mwa kufuna kwao.

Nyumba ziwirizo zilipo kufikira lero. Inkosi ya Makhosi Gomani ikhala ku Nceu. Mpando wa Kacindamoto, umene mu 2003 unalowedwa ndi mai Theresa Kacindamoto, wodziwika m'maiko ambiri cifukwa ca kuthetsa maukwati a ana, uli ku Mtakataka m'boma la Dedza. Kumeneko ndiko anthu a Cifisi anatsikira atacoka ku mapiri, m'mbali mwa nyanja, pafupi ndi bwinja la Mankhamba pamene Undi anacokera.