Robert Morris ndi pasiwedi yanga yofooka

Sabata yatha mnzanga wa m'chipinda chimodzi ku hositelo analowa mu imelo yanga ine osadziwa. Sanachite zamatsenga ayi. Anangolemba dzina la mayi anga ndi chaka chimene ndinabadwa, basi khomo n'kutseguka. Ndinapsa mtima, koma nditaganiza bwino ndinaona kuti wolakwa ndinali ine ndemwe. Chondichititsa manyazi n'chakuti vuto limeneli munthu wina analiona kale zaka zoposa 40 zapitazo. Dzina lake ndi Robert Morris.

Morris anabadwira ku Boston mu 1932 ndipo anaphunzira masamu ku Harvard. Mu 1960 anayamba ntchito ku Bell Labs, kumene pambuyo pake kunabadwira Unix. Masiku amenewo kompyuta imodzi inkagwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri, ndipo pamakina ena mapasiwedi a anthu onse ankasungidwa m'fayilo imodzi osabisidwa. Wopeza fayiloyo ndiye kuti wapeza makiyi a nyumba zonse m'mudzi.

Mu Unix, Morris anakonza zoti kompyuta isamasunge pasiwedi yeniyeniyo. M'malomwake inkaisokoneza ndi masamu ovuta kuwabweza m'mbuyo, n'kusunga zosokonezedwazo. Ukamalowa, makina amasokonezanso zimene walemba n'kufanizitsa. Iye ndi Ken Thompson anawonjezeranso chimene akatswiri amachitcha mchere: kachinambala kosankhidwa mwachisawawa kochititsa kuti pasiwedi imodzi isungike m'njira 4,096 zosiyana. Motero anthu awiri okhala ndi pasiwedi yofanana sankaonekera msanga, ndipo ntchito ya wakuba inkakula.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri ndi zimene awiriwa anasindikiza mu 1979. Pa mapasiwedi 3,289 amene anafufuza, pafupifupi 86 mwa 100 aliwonse anali osavuta kuwapeza: afupiafupi, mayina, kapena mawu a m'dikishonale. Masamu anali olimba, koma anthu anali aulesi.

Mu 1986 Morris anapita ku NSA kukakhala wasayansi wamkulu pankhani ya chitetezo cha makompyuta. Pa 2 Novembala 1988 mwana wake, Robert Tappan Morris, wophunzira ku Cornell, anatulutsa pulogalamu yodzifalitsa yokha imene inafooketsa makompyuta zikwi zingapo pa intaneti ya nthawiyo. Njira imodzi imene inkalowera inali kungoyesa mapasiwedi ofooka, vuto lomwe bambo ake anachenjeza zaka 9 m'mbuyomo. Mu 1990 khoti linamupeza wolakwa, n'kumulamula kulipira chindapusa ndi kugwira ntchito yothandiza anthu kwa maola 400. Chifukwa cha chipwirikiticho, ku Carnegie Mellon kunakhazikitsidwa gulu la CERT lothana ndi ngozi zotere.

Morris wamkulu anamwalira mu 2011, koma phunziro lake silinakalambe. Ife ophunzira timakonda kuloza chala mabungwe akatibera pafoni, pomwe nambala yathu yachinsinsi ndi 1234 kapena chaka chobadwa, ndipo pasiwedi imodzimodziyo ili pa Facebook, pa imelo ndi pa akaunti ya kusukulu. Wakuba safunika kukhala katswiri ngati ifeyo tasiya kiyi pakhomo.

Ine ndasintha mapasiwedi anga onse, iliyonse yaitali ndiponso yosiyana ndi inzake. Mnzanga uja ndinamukhululukira. Nanga inu, yanu ingatenge mphindi zingati kuti mnzanu aipeze?