Ana 12, Zaka 12

Sabata yatha azakhali anga anaponya uthenga pa gulu lathu la WhatsApp wonena kuti katemera amasokoneza ubongo wa ana. Pansi pake panalembedwa kuti madokotala a ku England anatsimikiza. Ndinafuna kuseka, koma sizinatheke, chifukwa ndikudziwa komwe mphekeserayi inachokera. Sinayambire pamsika kapena m'minibasi ayi. Inatuluka m'magazini ya zachipatala yolemekezeka padziko lonse, The Lancet.

Mu February 1998, magaziniyi inasindikiza pepala la Andrew Wakefield, dokotala wa pachipatala cha Royal Free ku London, ndi anzake 12. Linkakamba za ana 12 basi, omwe anali ndi vuto la m'matumbo komanso la kakulidwe, ambiri mwa iwo autism. Linati mwa ana 8, zizindikiro zinaoneka atangobayidwa MMR, katemera wa chikuku, matsagwidi ndi rubella. Pepalalo linavomereza lokha kuti silinapeze umboni woti katemerayo ndiye anayambitsa vutolo. Koma pamsonkhano wa atolankhani, Wakefield analangiza kuti akatemera atatuwo aziperekedwa payekhapayekha. Manyuzipepala anatola zimenezo.

Makolo anachita mantha. Chiwerengero cha ana obayitsa MMR ku England chinatsika kuchoka pa 92 peresenti kufika pafupifupi 80 pofika 2003. Mu 2008 akuluakulu a zaumoyo analengeza kuti chikuku chakhazikikanso ku England ndi Wales.

Amene anavundukula nkhaniyi sanali pulofesa kapena mkonzi. Anali mtolankhani, Brian Deer wa The Sunday Times. Mu 2004 anaulula kuti Wakefield analandira mapaundi 55,000 kudzera mwa loya amene ankakonza mlandu wosumira makampani opanga katemerayo, ndipo ena mwa anawo anali a makolo a pamlandu womwewo. Owerenga pepalalo sanauzidwe zimenezi. Olemba 10 mwa 13 anabweza mawu awo okhudza katemera.

Apa ndi pomwe pamandiwawa. Wakefield timamudziwa kale, sindikufuna kutaya naye nthawi. Funso langa lili kwa akonzi. Richard Horton, mkonzi wa The Lancet, anavomereza mu 2004 kuti nkhani ya ndalamayo inaipitsa kafukufukuyo. Koma pepala silinachotsedwe. Pa madandaulo ena, monga momwe anawo anasankhidwira ndi kuyezedwera, magaziniyi inadalira mayankho a olembawo ndi a chipatala chawo chomwecho. Mwana wakuba nsomba mumphika, inu n'kumufunsa yemweyo ngati wadya!

Ndisawanamizire, mu 1998 anasindikizanso m'kope lomwelo ndemanga ya akatswiri awiri a CDC ya ku America yochenjeza kuti umboniwo ngosakwanira. Koma ndani amawerenga ndemanga? Mayi wonyamula mwana pamzere wa sikelo amangomva kuti The Lancet yatero. Dzina la magazini ndi chidindo, ndipo wodinda ayenera kudziwa kuti pepalalo likatuluka lidzayenda lokha, ndemanga itatsala m'mbuyo. Nanenso ku yunivesite ndinkakhulupirira kuti chilichonse chounikidwa ndi akatswiri chapsa basi. Sindinkadziwa kuti ounikawo kawirikawiri amangowerenga zomwe wolemba wawapatsa, saona mafayilo a odwala.

Zinatengera bungwe loyang'anira madokotala la General Medical Council kuti zinthu zisunthe. Mu January 2010 linagamula kuti Wakefield anachita zosaona mtima, ndiponso anawayeza anawo mwa njira zopweteka popanda chilolezo choyenera. Zinamvekanso kuti anatenga magazi a ana paphwando la tsiku lobadwa la mwana wake, n'kuwapatsa mapaundi 5 aliyense. Pa 2 February 2010, The Lancet inabweza pepala lonse. Mu May Wakefield analandidwa chiphaso cha udokotala, ndipo mu 2011 magazini ya BMJ inatchula kafukufukuyo kuti ndi chinyengo. Kuchokera 1998, zaka 12. Mwana wobadwa chaka chimenecho anali atatsala pang'ono kupita ku sekondale.

Pepalalo likadalipo pa intaneti, masamba ake atadindidwa mawu ofiira akuti RETRACTED. Ndinajambula tsamba loyamba n'kuwatumizira azakhali, ndikuwafotokozera kuti eni magaziniwo analikana okha. Patapita ola anandiyankha: "Mwana wanga, ndiye kuti anawaopseza."